Galimoto Imene Lorna Anasankha

Mumsewu mwathu muno ku Grimsby nkhani imathamanga kuposa basi, ndipo woithamangitsa kawirikawiri ndimakhala ine. Ndiye zitangomveka m'nyumba kuti tikukasankha galimoto yatsopano, dzuwa lisanapendeke anali atadziwa ndi Mayi Blanchard omwe, aja amangokhala pawindo ngati duwa la m'chitini. Iwo anati ena ali ndi mwayi, amangopatsidwa magalimoto aulere. Ndinawayankha mwaulemu kuti ngati akufuna, Lorna akhoza kuwapatsa galimotoyo pamodzi ndi msana wake womwe. Anatseka katani.

Lorna ndi mkulu wanga. Anabadwa ndi vuto la msana, miyendo yake sigwira, ndiye amayendera chikuku. Koma musayambe kumumvera chisoni, amamenya ameneyo, manja ake ali ngati a anthu otsitsa nsomba kudoko. Boma limamupatsa ndalama yothandizira mayendedwe, ndipo kwathu kuno ukafuna umaisiya ndalamayo kuti izipita kusikimu ya anthu aulumali, iwo n'kukubwereka galimoto yatsopano kwa zaka zitatu, inshulansi, matayala ndi zokonzetsa zili momwemo. Zaka zitatu zikatha umabweza n'kusankha ina. Chimene wasankha ndi chomwecho, sungati mwezi wamawa ndasintha maganizo.

Kuyambira Lorna ali mwana, wosankha anali adadi, woyendetsa adadi, wotsuka Lamlungu adadi. Amaitchula kuti galimoto ya banja, koma ukangodyeramo tchipisi umamva kuti ndi ya ndani. Chaka chino zinasintha chifukwa Lorna anakwanitsa zaka 16. Ndalama ija inayamba kubwera m'dzina lake, komanso munthu wolandira ndalama imeneyi amaloledwa kuphunzira kuyendetsa ali ndi zaka 16, pamene enafe tiyenera kudikira 17. Anzake a kusukulu zinawawawa kwabasi, makamaka Shanice, amene anali atalengeza kale kuti woyamba kugwira chiwongolero m'kalasi mwawo adzakhala iye.

Lorna ankafuna chinthu chimodzi chokha, ndipo anandiuza tikutsuka mano: galimoto yoti azilowa yekha, kulowetsa chikuku yekha, n'kupita kukoleji osapempha munthu. Akati asankhe yolakwika, ndiye kuti azinyamulidwabe mpaka zaka 19.

Adadi nawo anali ndi maloto awo. Anagula kwa amalume a Vince kalavani, kanyumba ka matayala kokoka ndi galimoto kaja, kakale, konunkha galu wonyowa. Kanangokhala kuseri kwa nyumba kudikira chigalimoto champhamvu choti chidzakakokere kunyanja ku Skegness. Akaweruka kufakitale ya nsomba ankakhala pasofa n'kumaonetsa aliyense zithunzi za zigalimoto zazitali pafoni, ndi mphaka yemwe. Amami ankangoti iwo sali mbali ya munthu, ali mbali ya mtendere. Amatero nthawi zonse akakhala kuti asankha kale mbali.

Loweruka tinapita tonse anayi kogulitsira magalimoto. Anatilandira bambo wina dzina lake Declan, wa nsapato zonyezimira ndi mano oyera mokayikitsa. Anatipatsa tiyi m'makapu a pepala, ndipo asanamalize n'komwe kufunsa kuti tikufuna zotani, adadi anali atakwera kale m'chigalimoto chakuda chimene chinaima pakati, akununkhiza mipando, akutsegula timadilowa tonse. Declan ataona pamene pali mtima wa bambo, anayamba kuwatamira: mphamvu yake, buti yake yaikulu, chitsulo chokokera kumbuyo. Adadi ankangogwedeza mutu ngati ali m'tchalitchi.

Kenaka Declan anafunsa kuti woyendetsa wamkulu akhala ndani.

"Ine, pakadali pano," anatero adadi.

"Ine," anatero Lorna ali pansi, pafupi ndi tayala. "Tsikani adadi ndiyese. Ndilowa ndekha, ndipo wondigwira aliyense ndimuluma."

Adadi anatsika akuseka, ati mwana wawo ndi wanthabwala. Lorna anasendeza chikuku pachitseko, n'kumanga mabuleki. Mpando wa chigalimotocho unkamulekeza m'chifuwa. Anagwira chogwirira cha pamwamba pa chitseko, n'kudzikoka, n'kulendewera pakati ngati chovala pachingwe, kenaka n'kubwerera pachikuku, phi. Anayesanso atagwira chiwongolero. Nkhope inafiira ngati msuzi wa tomato, koma thako silinafike pampando. Anthu ena amene ankaona magalimoto anayamba kunamizira kuwerenga mapepala a pagalasi, maso ali kwa ife. Manja a adadi anali atatuluka kale m'matumba, ali m'malere, koma amami anali atawagwira jekete kumbuyo ngati mwana pamsewu.

Adadi anati palibe vuto, imeneyo ndi ntchito ya kamphindi, akhala akumunyamula kuyambira ali kakhanda ndipo msana wawo sunadandaulepo. Chikuku azichiika okha mubuti monga mwa masiku onse. Declan anawonjezera kuti aliponso makina onyamulira chikuku kulowetsa mubuti, koma Lorna anamufunsa kuti akachiika kumbuyoko, iye afika bwanji kutsogolo, akwawa? Declan anamwa tiyi.

"Ndiye kukoleji muzibwera nane, adadi?" anafunsa Lorna. "Muzindinyamula pageti anthu akuona? Nanga ndikadzapita kukacheza ndi chibwenzi, mudzakhala pakati?"

"Chibwenzi chake chiti?"

Sanafunse Lorna. Anatembenukira kwa ine, chifukwa m'nyumba mwathu aliyense amadziwa kumene kumapezeka nkhani. Ndipo ndinkadziwa, dzina ndi msewu ndi mtundu wa galu wawo womwe. Mawu anafika pammero penipeni. Koma Lorna anandiyang'ana ndi diso lija limatanthauza kuti tikafika kunyumba uona, ndiye ndinameza. 

Lorna anatembenuza chikuku n'kulowera kukona, kumene kunali kagalimoto kafupi, kachikasu ngati kasitadi. Adadi anati kameneko si galimoto, ndi nsapato. Lorna anamanga mabuleki pambali pake. Anatsegula chitseko mpaka kumapeto, n'kuona kuti mpando uli pafupifupi mulingo umodzi ndi chikuku chake. Dzanja limodzi pampando, lina pachikuku, anangoti sunthu, ali mkati. Anakweza miyendo yake umodziumodzi n'kuilowetsa.

Kulowa inali mbali yophweka. Chikuku chinali chidakali panja, ndipo apa ndi pamene ndinamvetsa zimene Lorna ankachita pasofa kwa masabata angapo adadi ali kuntchito, mpaka kuswa vazi ya maluwa ya amami n'kunamizira mphaka. Anamuphunzitsa ndi azimayi a kutimu yake ya basiketibolo ya pachikuku. Anagoneka mpando chagada pang'ono, n'kuweramira panja, n'kudina kabatani ka pakati pa tayala la chikuku. Tayala linazuka. Analidutsitsa pamwamba pa mutu n'kuliponya kumpando wakumbuyo. Lachiwiri chimodzimodzi, kungoti linapaka matope padenga la galimoto, mzere wautali wakuda. Declan anatseka maso pang'ono, poti inali galimoto yoonetsera anthu.

Kenaka chitsulo chenichenicho cha chikuku. Chimenecho uyenera kuchikoka, kuchidutsitsa pakati pa chifuwa chako ndi chiwongolero, n'kuchikhazika pampando wa pambali. Ulendo woyamba chinakodwa pachitseko. Wachiwiri chinagunda galasi loonera kumbuyo, chigongono chake n'kudina hutala, ndipo sitolo yonse inadzidzimuka, mayi wina mpaka kutaya tiyi. Ine ndinaseka, amami anandiponda phazi. Adadi anali atayamba kale kuyenda, koma amami anangoti "Glenn," motsitsa mawu, iwo n'kuima.

Lorna anapuma, anagoneka mpando pang'ononso, anatembenuza chitsulocho chammbali, ndipo chinadutsa. Anachikhazika pampando wa pambali n'kuchimanga lamba ngati munthu. Bulauzi yake yoyera inali ndi zidindo za matayala pachifuwa ponse. Anakoka chitseko n'kutseka, n'kukiya.

Tinaima panja atatu ndi Declan wachinayi, tikumuyang'ana pagalasi ngati nsomba ya m'botolo. Iye sanatiyang'ane n'komwe. Anagwira chiwongolero ndi manja onse, akuyang'ana kutsogolo kumene kunali khoma ndi chozimitsira moto basi, koma nkhope yake inali ngati akuona msewu wonse wopita kumzinda wa Lincoln.

Adadi anagogoda pagalasi. Lorna analitsitsa pang'ono, kampata kolowa kalata.

"Nanga kalavani?"

Lorna anayang'ana Declan. Declan anati kunena chilungamo kagalimoto aka sikangakoke kalavani, ngakhale yopanda kanthu, ngakhale potsetsereka.

"Nanga ine ndizikhala pati?"

Lorna anawafotokozera bwinobwino, ngati akulankhula ndi mwana wa kumkaka. Pamene akuphunzira, adadi azikhala kutsogolo chifukwa lamulo likufuna munthu wa laisensi pambali, chikuku chizikhala kumbuyo. Akadzangokhoza mayeso, mpando wakutsogolo ndi wa chikuku. Wofuna kukwera, kumbuyo kulipo.

Adadi anachoka pagalasi paja. Anazungulira kagalimotoko pang'onopang'ono, anamenya tayala ndi nsapato monga amachitira azibambo akasowa chonena, anatsegula buti n'kuitseka. Anayang'ana chigalimoto chakuda chija nthawi yaitali, mmene ndimayang'anira nsapato za pawindo la sitolo mwezi uli pakati. Amami anayamba kufufuza chinachake m'chikwama chimene sichinalimo. Ine ndinaona kuti maso a adadi anyowa, koma nkhani imeneyi sindinauze aliyense mumsewu, kupatula Shanice ndi amalume a Vince.

Kenaka adadi anauza Lorna kuti atsegule kumbuyo. Anadzipinda n'kulowa, mawondo kufika kuchibwano, tayala limodzi la chikuku ali nalo pamiyendo, linalo likuwakanda khutu. Adadi ndi munthu wamkulu thupi, ndipo kagalimotoko kanatsika mbali imodzi.

"Mutu sukugunda," anatero patapita nthawi. "Si koipa kwenikweni."

Ali momwemo anaitana Declan n'kuyamba kumufunsa za kandodo koyendetsera ndi dzanja, kamene ukakoka galimoto imapita, ukakankha imaima. Anafunsa ngati kamaikidwa galimoto isanatuluke, ngati n'kolimba, ndiponso ngati munthu wa miyendo angathebe kuyendetsa ndi mapazi. Declan anati inde pa zonse, ndipo anapita pakompyuta yake kukalemba. Pofunsa dzina la mwini, anayang'ana Lorna. Lorna anatchula dzina lake lonse, ndi lapakati lomwe limene amadana nalo. Adadi anapempha kuti awalembe ngati woyendetsa wachiwiri, Lorna n'kunena kuti aona khalidwe lawo kaye. Za mtundu anakana kusintha, ati wachikasu womwewo, kuti anthu azimuonera patali.

"Ndiye tikupita kuti, a dalaivala?" anafunsa adadi ali kumbuyo kuja.

"Inu mukutsika pompano," anatero Lorna. "Siyani tayala pampando. Sindinayese kutuluka."

Adadi anadzitulutsa movutikira, mwendo umodzi kaye, kenaka mutu. Anasiya tayala pamene analipeza. Anabwera kudzaima pakati pa ine ndi amami, analowetsa manja onse awiri m'matumba a jekete mpaka pansi, ndipo tinaonerera Lorna akumasula lamba wa chikuku n'kuyamba kuchikokera pachifuwa pake.