Lamba Wapakati wa Gani Yabut

Mfuti ya Isagani Yabut inagwa pansi anthu onse a kalabu akuona. Belu litalira, iye anadzambatuka kuthamangira pamalo owomberapo, mfuti ili m'chimake m'chiuno, yodzaza zipolopolo. Lamba wake wachikopa, amene anagula ku Riyadh adakali dalaivala wa magalimoto a eni ake, anapindika ngati tsamba la nthochi, chimake n'kupendekeka, mfuti n'kukagwera m'fumbi.

"Imani pomwepo," anatero woyang'anira bwalo.

Woyang'anirayo anali Cherilyn, mwana wake woyamba. Anatola mfutiyo, kuchotsa zipolopolo, n'kuuza bambo ake mwaulemu wonse kuti mpikisano wa tsikulo wawathera pomwepo.

Pa masewera owombera chothamanga palibe manyazi oposa amenewo. Tsono kalabu ya ku Angeles, m'dziko la Philippines, ili ndi lamulo lake: munthu akachotsedwa kawiri m'chaka chimodzi, dzina lake limafufutidwa pa gulu lopita ku mpikisano waukulu wa ku Cebu. Gani anali atalengeza kale tauni yonse kuti akupita ku Cebu. Anauza madalaivala a malole ake onse, anauza wansembe, anauza wometa tsitsi, anauza ngakhale mlamu wake wa ku Milan amene sanafunse n'komwe. Mpikisano wotsiriza ulendowo usanafike unali Lamlungu likubweralo, ndipo iye lamba analibe.

Anapita kusitolo ya mfuti ndi Domeng Sicat, mnzake wa kuubwana, yemwenso anaimira Cherilyn pa ubatizo, n'chifukwa chake awiriwa ankaitanana kuti Pare. Domeng anapeza mpando, kukhala, n'kusanjika manja pamimba. Gani sanakhale. Ankazungulira sitolo yonse, kugwira ichi, kusiya, kugwira icho.

Malamba amakono a owombera amabwera awiriawiri. Wamkati ndi wofewa, umalowetsa m'tizingwe ta buluku ngati lamba wina aliyense. Wakunja ndi wouma gwa, ndipo amamatirira pamwamba pa mnzakeyo ndi nsalu yolumana ija yolira kuti khwee ukamaimatula. Chimake cha mfuti ndi timatumba ta magazini a zipolopolo zimamangidwa pa wakunjayo ndi timabawuti, paliponse pamene mwini wake wafuna. Gani atangomva kuti paliponse, anathamangira kwa mayi wogulitsa.

"Ndionetseni wakuda. Ayi, wakuda n'ngwa apolisi. Wofiira uyo. Domeng, wofiira ukumuona bwanji?"

"Uoneka ngati mphatso ya Khirisimasi."

"Ku Rotterdam ndinaona mzungu wina atavala wabuluu, munthu wowombera ngati makina osokera. Bweretsani wabuluu, mayi. Wofiirayo musamubweze."

Mayi wa m'sitoloyo anayala malamba patebulo mpaka malo anatha. Gani anawapinda, anawanunkhiza, wina anamumenyetsa pabondo kuti amve kulimba kwake. Anatuluka kukaimba foni, anabwerera, anasintha maganizo. Pamapeto pake anabwerera kwa wofiira yemwe uja.

"Saizi yanji, bwana?" anafunsa mayiyo.

"Wapakati."

Domeng anatsegula diso limodzi. "Pare, wapakati uja anatsala ku Saudi pamodzi ndi tsitsi lako."

"Iwe usandiyeze ndi thupi lako. Iwe pobwera ku bwalo mimba imafika kaye n'kulembetsa dzina."

Mayiyo anatulutsa tepi. Anafotokoza kuti wakunja amazungulira pamwamba pa wamkati, ndiye ambiri amatenga wokulirapo kuti nsonga zake zipitirirane bwino kumsana. Gani anakankha tepiyo ndi chala chimodzi.

"Chiuno ichi, mayi, chinayezedwa ku Dubai ndi telala wosokera ana a mafumu. Munthuyo anayeza, anabwerezanso, kenaka anaitana mnzake kuti adzaone. Ndipatseni wapakati."

Anavala wamkati, anakoka mpweya, anabweza mimba mkati mpaka makutu anachita kulira, n'kuzunguliza wakunja. Nsonga zinakumana kumsana, kupitirirana pang'ono ngati zala ziwiri. Zinamata.

"Mwaona?" anatero ndi mawu opanikizika.

"Pumanso tione," anatero Domeng.

Koma Gani anali atamatula kale lambayo, akuuza mayiyo kuti akulunge.

Masiku otsatirawo kunyumba kwa a Yabut kunalibe mtendere. M'mawa uliwonse asanalawe kanthu, Gani ankaima pa galasi lalikulu la kuchipinda, mfuti yopanda chipolopolo ili m'chimake, kumasolola ndi kubwezera, kusolola ndi kubwezera. Kenaka ankaona kuti katumba koyamba kali patali, n'kutenga kasipanala. Akakasendeza kutsogolo, kachiwiri kankaoneka kosungulumwa. Akasendeza kachiwiri, chimake chinkaoneka chopendekeka. Masana ali ku galaja ya malole, makaniko akumufotokozera za injini, iye dzanja linali m'chiuno kufunafuna magazini amene panalibe. Ankasiya makanikoyo mawu ali m'kamwa, kubwerera kunyumba kukamasulanso timabawuti. Mpunga anausiya. Ankadya nsomba yowotcha ndi nkhaka, n'kumauza aliyense kuti umu ndi mmene amadyera anthu a ku Korea, n'chifukwa chake sakalamba.

Cherilyn anadzera Lachisanu akuchokera kuntchito, n'kupeza timabawuti tili mbwee patebulo lodyera.

"Tatang, mangani kamodzi n'kusiya. Dzanja limafuna kuzolowera malo amodzi," anauza bambo akewo.

"Dzanja ili layendetsa lole kuchoka ku Dammam mpaka ku Jeddah msewu wosauona chifukwa cha mchenga. Lingasochere m'chiuno mwanga momwe?"

"Ine ndangonena. Lamlungu ndili pa bwalo lotsiriza."

"Ndiye uwauze anzako abwere ndi makamera."

Mwanayo sanaseke. "Paja mukudziwa kuti kumene kuja si ine mwana wanu."

"Ndani wakupempha chifundo?" anatero Gani, koma kasipanala kanamupulumuka n'kugwera pansi pa tebulo.

Lamlungu linacha ndi dzuwa loswa mtengo. Gani anafika ku bwalo m'mimba muli khofi yekha, lamba wofiira ali psuu m'chiuno, ndipo kunena zoona munthuyo anawombera. Pa bwalo loyamba mbale zachitsulo zinagwa motsatizana ngati zapangana. Pa lachiwiri anasintha magazini akuthamanga, dzanja linapeza katumba mosaphonya. Lamba sanagwedezeke. Pakati pa mabwalo ena ankakhala pamthunzi, iye ankangoyendayenda, kufotokozera achinyamata mmene amasankhira lamba munthu woti waona dziko.

Kenaka inakwana nthawi ya nkhomaliro, ndipo Consing, mkazi wa Domeng, anavundukula miphika yake pansi pa mtengo wa mango. Anali ataphika sisigi, nyama ya mutu wa nkhumba yoduladula yothetheka pa chiwaya, ndi mpunga wonona wa mkaka wa kokonati. Fungo lake linafika mpaka kumene ankaimika magalimoto.

"Pareng Gani, mbale yanu iyi."

"Mare, lero ndingolawa," anayankha Gani, pakuti mkazi wa Pare amatchedwa Mare.

"Mwadwala?"

"Ayi, kungoti..."

"Kapena chakudya changa chayamba kukunyansani chibwerere ku maulendo anu?"

Ku Pampanga, chigawo cha kwawoko, munthu ukhoza kukana umeya, anthu n'kukumvetsa. Mbale ya mayi amene wadzuka m'mamawa kuduladula makutu a nkhumba sikanidwa. Gani analandira. Anadya choimirira, akunena kuti ku Tokyo anthu olemera amadya chomwecho. Mbaleyo isanayere Consing anawonjezera, ndipo njala ya sabata yonse inadzuka ngati galu womasulidwa pa unyolo. Yachitatu anachita kukatenga yekha. Anatsitsira ndi madzi a kokonati.

Akupita ku bwalo lotsiriza anamva kumsana kakuti khwe, kakang'ono. Anaima, anakoka mpweya, kanasiya.

Pa bwalolo okonza mpikisano anaikapo njinga yamoto yonyamula anthu, ya kangolo pambali. Wowombera ankayenera kuyamba atakhala m'kangolomo, mfuti ili m'chimake, belu likalira atuluke n'kuyamba kuwombera. Tingolo timeneti n'tatifupi, mpando wake uli pafupi ndi dothi, munthu ukakhala mawondo amafika pachifuwa. Gani atakaona, anakumbukira chinthu chimodzi. Sabata yonse ija anaima pa galasi, anathamanga m'khonde, anatembenuka uku ndi uku, koma sanakhalepo pansi atavala lambayo.

Cherilyn anawerenga malamulo a bwalolo, n'kupatsa gululo nthawi yoti liyendere ndi kuyesera, mfuti zili zopanda zipolopolo. Aliyense ankakhala m'kangolo, kutuluka, n'kulowa kuseri kwa makoma a matabwa kukaona pamene pali zikwangwani zoti awombere. Gani analola onse adutse. Anamanga chingwe cha nsapato chomangamanga kale. Atatsala yekha, anawerama, analowetsa mutu, n'kudzitsitsa pampando pang'onopang'ono ngati akutsitsa dzira.

Khweee.

Lamba wakunja anamatuka kuyambira kumsana mpaka kumimba, n'kutsetsereka ndi katundu wake yense. Mfuti inapulumuka m'chimake n'kukagona pansi pa kangolo, pakati pa mapazi ake.

Palibe anaona. Anzake onse anali kuseri kwa matabwa, ankamveka mawu okha. Cherilyn anali chapatali pang'ono atafulatira, akulankhula ndi wolemba zigoli.

Lamulo lake aliyense wowombera amalidziwa ngati dzina la mayi ake. Mfuti yopanda chipolopolo ikagwa nthawi yoyendera, si mlandu. Mlandu ndi kuitola wekha. Umaisiya pomwepo, n'kuitana woyang'anira kuti adzatole. Ukangoikhudza, wachotsedwa.

Dzanja la Gani linali litatsika kale kufika pabondo. Mfutiyo inali pompo, chala chikanaifika. Kutola, kubwezera, kukoka mpweya, kumata lamba, zonsezo zikanatha Domeng asanamalize chiganizo chimene ankanena kuseriko. Akaitana, anthu onse abwera kudzaona Isagani Yabut, mwini malole, atapanikizika m'kangolo mimba ili pamtunda, lamba wa muyeso wa telala wa ku Dubai ali pansi. Nkhaniyo ikafika ku Cebu iye asanakwere ndege. Dzanja linatsikanso pang'ono.

Anayang'ana msana wa mwana wake. Akatembenuka pompano n'kuona, amuchotsa, ndipo mawu ake sanjenjemera. Koma panalinso china chimene chinamuluma kwambiri: mwina angaone, n'kuyang'ana kumbali chifukwa ndi bambo ake, kenaka n'kumakhala nacho mumtima nthawi iliyonse akavala malaya a uyang'aniri.

Anakweza manja onse awiri mpaka anagunda denga la kangolo.

"Woyang'anira," anaitana. Mawu anatuluka ang'ono ngati a mwana wa mbuzi. Anakonza kukhosi. "Woyang'anira, mfuti yagwa."

Cherilyn anatembenuka. Mitu inayamba kusuzumira kuseri kwa matabwa, umodzi umodzi, womaliza wa Domeng.

"Musasunthe," anatero Cherilyn. Anagwada, anatola mfutiyo ataloza kumchenga, anaitsegula, anasuzumira mkati. "Mwaikhudza?"

"Ayi."

Anayang'ana manja aja ali m'mwamba, n'kugwedeza mutu. "Mulibe mlandu. Koma ndi lamba uyu simuwombera pa bwalo langa. Ndikuikani kumapeto. Dzina lanu likamaitanidwa mukhale mwapeza wina."

Kumutulutsa m'kangolomo kunafuna anthu awiri. Domeng sanathandize nawo, anali atatsamira thabwa, mapewa akugwedezeka ndi kuseka, misozi ili mbwe.

"Pare, telala uja anaitana mnzake kuti adzaone chiyani kwenikweni?"

"Ndi sisigi wa mkazi wako ameneyu. Mwachita kupangana."

"Mbale yachitatu ija anakugwira ndani?"

Gani anazungulira gulu lonse kufunsa amene ali ndi lamba wapadera. Wina anali naye koma wa mwana wake wamkazi. Wina anausiya kunyumba. Mayina ankaitanidwa, mfuti zinkalira, mndandanda unkafupika, iye akungopita uku ndi uku lamba wofiira ali m'manja ngati njoka yakufa. Domeng anawombera nthawi yake, mosafulumira monga mwa masiku onse, ndipo atamaliza anamukodola kuti apite ku tebulo lokonzerapo mfuti. Kumeneko anasunga mfuti yake m'chikwama, anamatula lamba wake wakuda wothaitha, wonyowa ndi thukuta, wautali ngati wa injini ya chigayo.

"Masula chimake chako umange apa. Timatumba usatikhudze, nthawi palibe."

Gani anamasula mothamanga, bawuti imodzi inagwera mu udzu, anaifufuza chokwawa. Akumanga yomaliza anamva Cherilyn akuitana dzina lake. Anazunguliza lamba wa Domeng osakoka mpweya n'komwe. Anamukwana ngati anabadwa naye.

"Usanene kanthu," anatero Gani.

"Ine ndatani? Ndangoti tithokoze Mulungu potipatsa thupi limodzi."

Anakhala m'kangolo, lamba anagwira. Belu linalira. Anatuluka chammbali ngati nkhanu, anasolola, anayamba kuwombera. Pofuna kusintha magazini dzanja linapita pamene panali katumba kake n'kugwira mimba. Linapapasa kutsogolo, linapapasa kumbuyo, mpaka anachita kuweramitsa mutu kuti aone pamene Domeng amaika zinthu zake. Pa bwalo limenelo palibe anachedwa kuposa iye tsiku lonselo, ngakhale dokotala wa mano wopuma ntchito amene amawombera atavala magalasi awiri.

Anachotsa magazini, anaonetsa kuti mfuti ilibe kanthu, anaibwezera m'chimake. Cherilyn analengeza kuti bwalo layera, n'kumupatsa pepala la zigoli kuti asayine. Ali chiweramire, ananena motsitsa mawu.

"Ku Cebu mukagule waukulu, Tatang."

Gani anasayina dzina lake lonse, zilembo zikuluzikulu mpaka kutuluka m'kabokosi. Pofika pansi pa mtengo wa mango anali atayamba kale kufotokozera Consing kuti m'dziko lonse la Philippines amuna amene angakweze manja mwachangu chotero sakwana asanu, ndipo kuti iye luso limeneli analiphunzira pa chipata cha asilikali ku malire a Kuwait.