Tebulo la Asisi ndi Kagalimoto Kofiira

Chitsiriza analowetsa kagalimoto kake pa geti chobwerera m'mbuyo, pang'onopang'ono, maso ali pa galasi. Mvula inali itayamba kuwaza. Bambo ake anali ataima pakhomo pa shedi yawo ya ukalipentala, pensulo ili kukhutu, dzanja lamanzere lili lende monga linakhalira chidwalireni sitiroko chaka chatha.

"Mwasochera, achimwene," anatero bambowo galimoto itaima. "Kwa dokotala wa ana ndi geti linalo."

Kenako chitseko chinatseguka, natulukamo mwana wawo womaliza. Bambo anamuyang'ana, anayang'ana kagalimotoko, n'kusuzumira ku msewu ngati kuti kukubwera ina m'mbuyo.

"Yanga ili kuti?"

"Ndikufotokozerani, bambo. Tiyeni tiyambe takweza katundu, mvula ingatipeze."

Nkhani yake inali yaifupi, koma Chitsiriza anali ataibisa miyezi itatu. Bambo atadwala anamupatsa makiyi a galimoto yawo, ija yaitali ya buti ngati chipinda, imene inanyamula zitseko, mabedi ndi makabati kwa zaka makumi awiri. Anamuuza kuti aziyendera popita kuntchito kwake kokonza mafoni, bola aisamale. Iye anaisamala ndithu, koma anzake sanamusamale. Akangoiimika kuseri kwa shopu, wina ankavula chipewa n'kufunsa kuti maliro ndi a ndani. Anzakewo onse anali ndi timagalimoto tija topanda mchira, tooneka ngati wina anatidula ndi mpeni kumbuyo. Ndipo kunena zoona timakoma. Petulo timangonunkhiza, pamzere wa magalimoto timalowa paliponse ngati mbewa, ukangokhala pampando foni yako yayamba kale kuimba mu wailesi. Mtsikana wa pa kauntala yoyandikana naye anakanapo kukwera galimoto ya bambo ija, akuti anthu angaganize kuti akusamuka.

Ndiye tsiku lina munthu wogulitsa mazira, amene ankafuna galimoto ya malo ambiri, anamuuza kuti angosinthana. Chitsiriza sanagone nayo nkhaniyo ngakhale usiku umodzi. Kuyambira pamenepo, akamabwera kudzaona makolo ankaimika kagalimotoko kuseri kwa famase n'kumalizitsa wapansi. Bambo akafunsa, yankho linali lokonzeratu: ili kwa makaniko, ili kotsukitsa, anzanga aibwereka.

Lero bodza linali litafika pothera msewu. Mlongo wake, telala, ankatsegula shopu yake mawa lake m'tauni ina, ulendo wa maola atatu, ndipo bambo anali atamupangira tebulo lodulirapo nsalu. Analipanga miyezi inayi, ndi dzanja limodzi, amayi akuwagwirira thabwa akamapala. Mlongoyo ndi amene ankalimbikira kuti bambo atseke shedi, agulitse zipangizo, apume. Bambo sanakangane naye. Anangomufunsa kuti akufuna tebulo lotalika bwanji, iye nati mamita awiri, iwo nati alipeza. Aliyense m'nyumbamo ankadziwa kuti tebulolo ndilo yankho lawo.

Amayi anatuluka m'nyumba atafunda nsalu kumutu, atanyamula jekete la bambo losita bwino, chifukwa bambo anali atanena kuti akalipereka okha tebulolo. Ataona kagalimotoko anaima.

"Kodi kameneka kakadzakula kadzakhala galimoto?"

"Amayi, musakaone kuchepa. Mipando yake imapindika, mumalowa chilichonse."

"Mako ndi mako, mwanawe, usamuone kuchepa mwendo. Ija wakaitaya kuti?"

Chitsiriza anayankha ndi ntchito. Anatsegula buti, anagwetsa mipando yakumbuyo, n'kulowetsa miyendo ya tebulo imene bambo anaipanga yochita kumanga ndi mabawuti. Miyendoyo inalowa bwinobwino, ndipo iye anayamba kupuma. Kenako iye ndi amayi ananyamula thabwa lapamwamba. Linali losalala ngati tsaya la khanda, lopanda vanishi kuti nsalu isamaterereke. Analilowetsa chogona, linakana. Analipendeketsa, linakana. Anagoneka mpando wakutsogolo, umene bambo akanakhalapo, n'kulikankha mpaka linagunda pa dashibodi. Kumbuyo linatsalabe panja, kutalika kwake kuchokera pa chigongono kufika kunsonga za zala.

Bambo anali chiimire. Iwo pa moyo wawo sanapangepo chinthu chosalowa m'galimoto yawo. Kutalika ndi kutambalala kwa buti ija anakulemba ndi misomali iwiri pa benchi yogwirira ntchito, ndipo kasitomala akafuna kabati yoposa pamenepo ankamuuza kuti aipanga ya zigawo ziwiri. Tebuloli analiyeza pa misomali yomweyo.

"Timange chitseko cha buti ndi chingwe," anatero Chitsiriza.

"Maola atatu pamvula, thabwa lopanda vanishi? Likafika litapindika ngati uta."

"Ndiye pamwamba."

"Pamwamba pa chiyani? Denga lake ngati dzirali?"

"Ndiimbire foni mnzanga, ali ndi kalole. Mwina mawa kapena mkuja..."

"Shopu akutsegula mawa. Ndinati lifika lero." Bambo anachotsa pensulo kukhutu. "Ndipatse sikweya ndi sowo."

"Bambo ake, musatero," anatero amayi. "Mkwiyo sugwira sowo."

"Ndani wakwiya? Galimoto ya pakhomo pano ndi imeneyi tsopano. Katundu amatsata galimoto." Anatembenukira kwa mwana wawo. "Tulutsa, uike pa benchi. Ugwire zolimba, ine dzanja ndi limodzi."

Chitsiriza akanatha kukana. Akanatha kugwada pa utuchi pomwepo n'kupepesa, kapena kubisa sowo kumbuyo ngati mwana. Mpaka lero sadziwa chimene anagwirira thabwa lija. Mwina n'chifukwa chakuti chibadwire sanawakanirepo bambo ake pamaso, zake zonse ankachitira kuseri. Anagwira, ndipo kunjenjemera kwa sowo kunkamulowa m'manja mpaka m'mano. Bambo ankadula mwamphamvu, akupumira m'mwamba, ndipo cha pakati sowo inasiya mzere wa pensulo n'kuyamba kuyenda yokha. Chidutswa chitagwa pansi, m'mphepete munatsala mokhota, mwa zibenthubenthu.

Bambo anabowola mabowo ena a mabawuti, n'kufupikitsa mitanda iwiri yapansi. Sandipepala sanamukhudze n'komwe. Thabwa linalowa, buti inatsekeka.

Amayi anali akadali ndi jekete lija m'manja. Munalibe pokhala munthu wachiwiri m'galimotomo, ndipo palibe anachita kunena.

"Kabwezeni m'kabati," anatero bambo. Kenako anaweramira pa windo la dalaivala. "Mlongo wako pakamwa umamudziwa. Akafunsa, unene kuti ndinaphonya muyeso ndine. Za galimoto tidzakamba ife amuna."

Chitsiriza anayenda ulendo wonse thabwa lili pa phewa lake lamanzere, fungo la utuchi lili tho m'galimoto. Kagalimotoko kanayenda bwino, osadandaula pa chitunda, petulo osasuntha, ndipo zimenezo zinkangomuwonjezera manyazi.

Shopu ya mlongo wake inali m'chipinda cham'mwamba, pa nyumba ya mashopu ambiri. Amene anatsika kudzamuthandiza anali mlamu wake, munthu wosavuta, wokonda magalimoto kuposa nkhani za anthu.

"Alamu! Aka ndiye kagalimoto, osati zinazi. Kamamwa bwanji?"

"Pang'ono."

"Ndimadziwa! Ine madamu ndawauzauza, ana tilibe ambiri, chigalimoto chachikulu n'chachiyani? Mundibwereke ndikazungulire kamodzi tikatsitsa."

Anakweza katunduyo pa masitepe. M'shopumo munali fungo la penti, makina awiri osokera ali m'mapulasitiki, ndipo pakati pa chipinda mlongo wake anali atajambula pansi ndi choko malo a tebulo. Anafunsa za bambo, Chitsiriza nati atopa, asintha maganizo. Amuna awiriwo anamanga mabawuti, n'kuliimika tebulolo pa malo ake. Mzere wa choko unatsala poyera mbali imodzi.

Telala sakhulupirira maso. Mlongoyo anachotsa tepi m'khosi, anayeza, anayezanso. Kenako anayendetsa chala m'mphepete muja, kachibenthu n'kumubaya. Anakhala pa mpando wa makina, chala chili m'kamwa, misozi ili lengelenge.

"Ndinawauza mamita awiri. Anachita kulemba pa khoma ine ndikuona."

"Akuti anaphonya," anatero Chitsiriza, mawu ake akumveka ngati a munthu wina.

"Kuphonya kwa chala chimodzi ndikanamva. Uku si kuphonya, Chitsiriza, uwu ndi mutu. Ndipo taona kadulidweka. Bambo amene ankatibweza kuti tikasesenso utuchi pakona, lero atumize chinthu chotere osachiona?" Anapukuta m'maso ndi kansalu. "Adzadzidula dzanja lotsalalo tili chiyang'anire. Paja munthu uja wa pa malo ogulitsa matabwa ankafuna zipangizo zawo zonse pamodzi, nambala yake ndili nayo. Iwe usakawauze kuti ndaona. Ukanene kuti ndakondwa kwambiri."

Anatenga foni n'kuyamba kufufuza nambalayo. Chitsiriza anayang'ana chala cha mlongo wake chikutsetsereka pa galasi la foni. Mabodza onse a miyezi itatu anali opepuka, ankangotuluka okha. Ili lokha, limene anachita kupatsidwa ndi bambo ake kuti limuteteze, linamukanika kumeza.

"Asisi, taimani. Bwerani pa windo."

"Ndione chiyani?"

"Kofiira ako, pafupi ndi mpopi. Ndi kanga. Ya bambo ija ndinasinthanitsa, miyezi itatu yapitayo, iwo osadziwa." Analoza tebulo lija. "Tebuloli linali mamita awiri ndendende, losalala mbali zonse. Silinalowe mu buti. Alidula m'mawa uno, ine nditagwira."

Mlamu uja, amene anali atatambasula kale dzanja kuti alandire makiyi, analibweza m'thumba mwakachetechete.

Mlongoyo anayang'ana pansipo nthawi yaitali. Chitsiriza ankadikira mkuntho, ndipo akanaulandira ndi manja awiri, koma sunabwere.

"Miyezi inayi," anatero mlongoyo chapansipansi. "Ndi dzanja limodzi. Ndipo ine ndangotsala pang'ono kuwagulitsira sowo." Anabwerera pa tebulo, n'kuyendetsa chikhatho pamwamba pake, mbali imene sinakhudzidwe. Anawerama n'kusuzumira pansi, pamene mitanda inalumikizana popanda mpata wolowa ngakhale singano. "Iwe ndikuona bwino. Panopa ndiyambe ndawapepesa eni ake, ndiwauze kuti mashelefu a nsalu andipangirenso iwowo."

Anaimba, n'kuika foni pa tebulo kuti onse amve. Inaitana kanayi. Anayankha ndi amayi.

"Amayi, tebulo lafika. Apatseni bambo foni, ndili ndi ntchito ina yoti andigwirire."

"Agona, mwanangu. Chichokereni Chitsiriza... iih, mutu wanga wasokonekera lero. Chichokereni iye, anakhala mu shedi osagwira kanthu. Kenako asesa, apachika zipangizo zonse m'malo mwake, akhoma." Amayi anatsitsa mawu. "Kiyi andipatsa ine. Akuti ndikuuze kuti unkanena zoona, umuimbire munthu wa matabwa uja abwere Loweruka."

"Ayi amayi, ndamva zonse, Chitsiriza wandiuza. Muwauze kuti tebulo lawo linalibe vuto."

"Ndawauza kale zimenezo, ine amene ndinkawagwirira thabwa. Akuti kalipentala amene wadula ntchito yake ndi mtima, osati ndi muyeso, ameneyo watha."

Foni itaduka, mlongoyo anatenga sandipepala amene opaka penti anasiya pa windo, n'kumupatsa Chitsiriza osamuyang'ana. Iye anagwada kumapeto kwa tebulo n'kuyamba kupala m'mphepete muja. Zibenthu zinachoka, koma kukhotako kunatsala.