Ndafika Bwino

Lole ya gulu la oimba inaima pageti amayi ali mkati mopinda malaya a malemu amuna awo. Panali patapita masiku anayi chiikireni maliro, ndipo abale onse anali atabalalika. Mwana wawo mmodzi yekhayo, mtsikana wongomaliza kumene sukulu, anali atavala kale nsapato, chikwama chili pamiyendo.

M'nyumbamo munalowa mayi woyang'anira magetsi a pasiteji, amene anzake ankangomutchula kuti Anamagetsi. Anayenda ndi malemu zaka khumi ndi zisanu, ndipo ngakhale kukulunga chingwe anaphunzira kwa iwo. Anapepesa, kenako n'kunena chimene anadzera.

"Mayi, ulendo uno ndi wa miyezi iwiri, ndipo pamakina a mawu palibe munthu. Mwanayu a Makutu anamuphunzitsa okha. Khutu lake ndi lomwe lija."

"A Makutu," amayi anabwereza dzina la kuntchito la amuna awo lija ngati lachilendo. "Kuno kunalibe a Makutu. Kunali munthu wobwera ndi zovala zakuda, kugona masiku awiri, n'kunyamukanso."

"Amama, lole ikudikira."

"Idikire. Ine ndadikira zaka makumi awiri."

Mtsikanayo anayang'ana pawindo. M'maso mwake munali kale misewu italiitali, maholo a mdima, ndi kamphindi kaja magetsi akangoyaka anthu n'kugwira mpweya. Koma atatembenuka anaona amayi ake, ochepa thupi pampando waukulu, ndipo anachita manyazi ndi nsapato zake.

"Munanditengera mwamuna, lero mwadzera mwana," anatero amayi. "Munthu ankati akachoka, zii. Foni kamodzi pa sabata, muli bwanji, tili bwino, basi. Ankaiwala kuti kuno kuli anthu."

Anamagetsi anaseka pang'ono, n'kupukuta m'maso.

"Mayi, tikafika muholo anthu asanalowe, wina amayankhula pa maikolofoni iliyonse kuti timve ngati ikugwira. Ena amangowerenga wani, thuu. A Makutu ayi. Iwo ankati, 'Mayi a mwana, ndafika bwino. Mwadya?' Pa iliyonse, ngakhale zikhale khumi ndi ziwiri. Woimba ng'oma, kusamva kwake kuja, ankayankha ndi kamawu kachizimayi kuti, 'Tadya, abambo, mutigulire nsalu.' Iwo osaseka n'komwe. Ankangosunthira pa ina."

Amayi anasiya kupinda.

"Holo iliyonse?"

"Iliyonse. Ngakhale pabwalo, mvula ili pamutu."

"Nanga pafoni pakamwa pankalemera chiyani?"

"Tinawafunsapo. Anati akamva mawu anu nthawi yaitali, m'mawa mwake akwera basi n'kutisiya."

Panja dalaivala analiza hutala. Amayi anasalaza kolala ya malaya aja ndi chala, kawiri, katatu. Poyankhula, sanayang'ane munthu.

"Pita, mwanawe. Koma iwe usamacheze ndi mipando yopanda anthu ngati bambo ako. Uziimba foni."

Mtsikanayo anawakumbatira mofulumira, kuopa kuti angasinthe maganizo, ndipo anathamanga osatseka chitseko.

Amayi anamvetsera lole mpaka phokoso lake linathera pakona. Anatseka chitseko, anayika malaya pampando, n'kuima pakati pa chipinda. Anakonza kukhosi.

"Sindinadye, bambo a mwana," anatero motsitsa. "Koma ndidya."