Lilime Latsopano la Fintan

Fintan Delahunty analavula mowawo m'ngalande, n'kupukuta pakamwa ndi kuseri kwa dzanja. Anatunga wina pakampopi ka thanki, anaukweza pazenera kuti auone bwino, analawa, n'kulavulanso.

"Dervla! Tabwera kuno msanga!"

Dervla, mlongo wake wamng'ono, anali panja, akutsuka migolo pamvula yowaza. Analowa mosafulumira uku akukutumula madzi pajekete. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi zogwira ntchito ndi mchimwene wakeyu zinamuphunzitsa kuti Fintan akati msanga, kawirikawiri amakhala akufuna magalasi amene ali pamphumi pake pomwe.

"Kwagwanji, achimwene? Nyumba yapsa?"

"Bola ikanapsa. Wathira chiyani mumowamu?"

"Zomwe ndimathira mwezi uliwonse."

"Ukunama."

Mawu amenewo anatuluka moipa, ndipo Fintan yemwe anadziwa kuti walakwa, koma si munthu wobweza mawu. M'tauni mwathu muno, m'mbali mwa mtsinje wa Nore, aliyense amadziwa mmene ntchito inagawidwira panyumba yofululira mowa ya a Delahunty. Fintan ndiye wa moto, ndiyenso wolawa. Dervla ndiye wa sikelo. Pamatumba khumi ndi asanu a chimera cha balere amawonjezerapo thumba limodzi la chimera chotsekemera, kenako ndowa imodzi yokha ya balere wokazinga mpaka kuda bii. Ndowa imodziyo ndiyo imafiiritsa mowa. Ukachulutsa umada ngati khofi, ukachepetsa umatuwa. M'zaka zonsezo Dervla anali asanaphonyepo, ndipo ankanyadira zimenezo kuposa mmene ena amanyadira ana awo.

Analanda tambula m'manja mwa mchimwene wake. Mowawo unali wofiira ngati mkuwa wopukuta bwino, thovu lake lochepa, loyera mofiirira. Ananunkhiza, anamwako pang'ono, n'kumeza.

"Ndi womwewo," anatero.

"Womwewo? Iwe, mkamwa mwako muli chiyani, thonje? Ukuyamba ndi kutsekemera ngati shuga wopserera mupoto. Usanapume, kwabwera buledi wowotcha. Usanapumenso, mtedza. Mowa wanga ndi wofatsa, umalowa mwaulemu n'kudutsa. Uwu ukulongolola mkamwa ngati anthu a pamsika."

"Umalongolola choncho kuyambira kale."

"Osandinyoza. Mowa uwu unaufulula wekha ine ndili chigonere. Vomera basi kuti dzanja linatsetsereka."

Zoti Dervla anafulula yekha zinali zoona. Masabata asanu apitawo chifuwa chinamugwetsa Fintan, ndipo dokotala anamuletsa mowa kwa mwezi wathunthu, kaliwo kake ka fodya n'kukaletsa mpaka kalekale. Chiyambireni tsiku limenelo munthuyu ankangotafuna pensulo, n'kumakalipira chilichonse chodutsa pafupi naye. Lachinayi limeneli linali tsiku lake loyamba kulawanso mowa.

Anapita pakona, anakoka payipi yaikulu, n'kuilumikiza kunsi kwa thanki. Mbali inayo anaiponya m'ngalande.

Dervla mtima unamupweteka. Muthankimo munali malita zikwi ziwiri. Lamlungu kunali ndime yomaliza ya mpira wa ndodo, masewera okondedwa kwambiri kuno, ndipo mabala asanu omwera mowa a m'tauni muno ankadikira migolo yawo. Mowa wofiira sufulumira, umafuna masabata atatu. Koma chimene chinamuwawa kwambiri si mowawo. Kunali kuona mchimwene wake akukhulupirira kuti iye, Dervla, angalakwitse muyeso n'kubisa.

"Dzina la bambo athu silipita pamowa wotere," anatero Fintan, dzanja lili pampopi.

"Achimwene, tandimverani. Mukatsegula mpopi umenewo, makiyi anga muwapeza patebulo, ndipo mukafune wina wokuyezerani balere. Sindikuseka."

Fintan anamuyang'ana. Dzanja silinachoke pampopi, koma silinapotokolenso. Anaima choncho awiriwo, mvula ikugogoda pamalata, mpaka panja panamveka galimoto ikubwerera chafutambuyo.

Anali Noreen Tynan, mwini wa bala la pafupi ndi mlatho, mayi wamasiye amene anaphunzira kalasi imodzi ndi Fintan ndipo sanasiye kumuseleula kuchokera nthawi imeneyo. Analowa akupinda ambulera.

"Ndabwera kudzatenga migolo yanga isanu ndi umodzi. Iii, nkhope zimenezi bwanji? Wamwalira ndani? A Fintan, mwagwira mpopiwo ngati mukukama ng'ombe ya eni."

"Mowa waonongeka. Ndikutaya."

"Mukutaya? Sabata ya mpira? Ndiye Lamlungu ndikawapatse chiyani anthu anga, tiyi? Tandipatsani kuno ndione."

Dervla anamutungira. Noreen anafumbata tambulayo m'manja onse awiri kwa kanthawi, chifukwa mowa wofiira ukazizira kwambiri umabisa kukoma kwake. Kenako anamwa, osati kolawa ayi, kumwa kwenikweni, mpaka thovu linamutsalira pamlomo.

"Ehee," anatero. "Ndi uyu mnzanga wakale. Kutsekemera pang'ono poyamba, kenako kachikoko ka buledi, ndiye ukameza kukhosi kumauma bwinobwino ngati wamwa tiyi wopanda mkaka, n'kumafuna wina. Suwawa, sukhuta msanga. Ndaugulitsa zaka makumi awiri, a Fintan, ndingauzindikire nditatseka maso. Waonongeka pati?"

"Mwagwirizana awirinu."

"Tagwirizana liti? Ine ndangotsika m'galimoto!"

Dervla anawasiya akukangana. Anapita kuchipinda chozizira cha kumbuyo. Pamenepo pali mwambo umene bambo awo anausiya: mowa uliwonse ukapsa, amasungako mabotolo asanu ndi limodzi pashelefu, tsiku lake n'kulilemba ndi choko pamabotolowo. Anasankha botolo la mwezi wa Ogasiti, mowa umene Fintan anafulula yekha asanadwale, n'kuulawa, n'kuuvomereza ndi pakamwa pake.

"Tembenukani, achimwene. Yang'anani khoma."

"Sindine mwana wa sukulu ine."

"Yang'anani khoma, a Fintan," anatero Noreen. "Kusukulu munkaliyang'ana tsiku lililonse, mukulidziwa bwino."

Fintan anang'ung'udza, koma anatembenuka. Dervla anathira matambula awiri ofanana, ina ya m'botolo, ina ya muthanki, Noreen akuona. Anawaika pamwamba pa mgolo.

"Umodzi ndi wanu wa Ogasiti, winawo ndi wanga. Mundiuze woonongekawo. Mukalondola, mpopi nditsegula ndekha."

Fintan anachotsa pensulo pakamwa, n'kuiika kukhutu. Anatenga tambula ya kumanzere. Anangolawa kamodzi n'kumwetulira ngati munthu amene wagwira mbala.

"Uwu ndi wakowu. Shuga yense uja ndi uyu. Sindikusowanso kulawa winawo."

"Lawani basi, tisakangane pambuyo pake."

Anatenga ya kumanja. Anauyendetsa mkamwa, analavula, anatsuka mkamwa ndi madzi, n'kulawanso. Anabwerera ku yoyamba ija. Kumwetulira kuja kunayamba kuchoka pang'onopang'ono.

"Mwathira womwewo m'matambula onse awiri."

"Ayi, bambo," anatero Noreen, akukweza botolo lopanda kanthu kuti Fintan awerenge choko. "Umene mwaunyozawo ndi wanu. Wa Ogasiti. Munandibweretsera nokha ku bala, n'kunena kuti simunafululepo wabwino ngati umenewo."

Fintan anawerenga tsiku lolembedwa ndi choko lija. Anayang'ana botolo, anayang'ana matambula, kenako anayang'ana mlongo wake. Mantha anamugwira, mantha enieni, chifukwa wofulula mowa lilime likamunamiza ndiye kuti ntchito yatha.

"Ndiye kuti matenda aja andiononga mkamwa," anatero motsitsa mawu. "Ndatha ine."

Noreen anamuyang'anitsitsa kwa kanthawi, maso ake ali pa pensulo yotafunidwa ija. Kenako anayamba kuseka, kuseka mpaka kugwirira mgolo.

"Pepani, sindikuseka matenda. Kodi kaliwo kanu munayamba kusuta muli ndi zaka zingati?"

"Khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Zikukhudzana bwanji?"

"Ndipo mwasiya masabata asanu apitawo. Malemu amuna anga atasiya fodya, anakangana ndi wogulitsa batala kuti wayamba kuchulutsa mchere. Batala yemweyo amene anadya zaka makumi atatu! Dervla, kodi achimwene akowa sanadandaule china posachedwapa?"

Dervla anayamba kuwerenga ndi zala. "Lolemba anati msuzi wa alamu anga, akazi awo, wachuluka tsabola. Lachiwiri anati mtsinje ukununkha. Galu wawo amusambitsa kawiri sabata ino, galu woti chibadwire sanasambepo."

"Amanunkhadi galu uja!" anakuwa Fintan.

"Wakhala akununkha zaka zisanu ndi zinayi, achimwene. Tonse tinkangopirira."

"Mkamwa mwanu simunaonongeke, a Fintan," anatero Noreen akupukuta misozi ya kuseka. "Mwangotseguka. Utsi unakuphimbani lilime muli mnyamata, ndipo lero ndi tsiku loyamba kukumana ndi mowa wanu maso ndi maso. Patsanani moni."

Fintan anakhala pamgolo. Anatenga tambula ya muthanki, n'kuifumbata monga anachitira Noreen. Ulendo uno sanalavule. Anamwa pang'ono, anadikira, n'kumeza.

Kutsekemera kuja kunabweranso, koma popeza sanalimbane nako, anamva kuti sikokhutitsa. Kunali kofewa, kongodutsa. Pambuyo pake panabwera kukoma kwa balere wokazinga, kwa ndowa imodzi ija, kokwanira kungokukumbutsa buledi wotuluka kumene mu uvuni. Kumapeto kunali kuwawira kochepa kwambiri, kongotsuka mkamwa. Chilichonse chinali pamalo pake, palibe chokankha chinzake. Anamwanso. Anakondwera, ndipo manyazi anamugwira nthawi yomweyo.

"Ndi wabwino," anatero ngati akudzilankhulira. "Ambuye wanga, ndi wabwino kwabasi. Zaka zonsezi anthu akamandiyamikira ndinkati akungondilemekeza."

"Tinkayamikira mowa, osati inu," anatero Noreen. "Inu n'kukuyamikirani chiyani?"

Fintan anaseka, kuseka kwake koyamba m'masabata asanu. Anadzuka, anamasula payipi ija, n'kuikulunga bwinobwino pakona. Kenako atatuwo anayamba kudzaza migolo. Ntchito inayenda mwakachetechete, mokoma, monga imayendera anthu ozolowerana. Mvula inakata, ndipo fungo la chimera linadzaza nyumba yonse moti Fintan ankaima pafupipafupi n'kumanunkhiza m'mwamba ngati mlendo. Migolo isanu ndi umodzi itakwera m'galimoto, Noreen anatulutsa mutu pazenera.

"Lamlungu mubwere nonse. Ndiphika nyama ya nkhosa ndi mbatatesi, ndithiramo mowa womwewu. Koma inu a Fintan, mukadzati mchere wachuluka, mudzadyera panja ndi galu wanu."

Galimoto itapita, awiriwo anatsala okha. Dervla anabwerera kusikelo yake n'kuyamba kuipukuta, ngakhale inali yoyera kale. Fintan anazungulirazungulira, anasuntha ndowa imene sinkafunika kusunthidwa, mpaka anakaima pafupi ndi mlongo wake.

"Ndinati ukunama," anatero.

"Munaterodi."

"Ndinalakwa. Pepa, mlongo wanga."

Dervla anapitiriza kupukuta. Mkwiyo unali utamuthera kale, koma kupepesa kwa Fintan n'kosowa, ndipo anafuna kukumva kukoma kwake pang'ono.

"Bambo athu nawonso ankasuta kaliwo," anatero Fintan patapita kanthawi. "Sankakachotsa pakamwa ngakhale polawa."

"Ndikukumbuka. Agogo nawonso."

"Ndiye kuti m'banja monse muno, kuyambira agogo mpaka ine, munthu amene wakhala akuudziwa mowawu ndiwe wekha."

"Ndakhala ndikuudziwa, eya."

"Nanga sunkanena bwanji?"

Dervla anaika nsalu pansi. "Munandifunsapo liti? Mumalawa, mumagwedeza mutu, mumati wapsa. Ine wanga ndi sikelo."

Fintan anayang'ana mathanki ena atatu amene anaima mumzere kukhoma, ya mowa wakuda, ya wotuwa, ndi ya wa nyengo yozizira. Onsewo anawavomereza yekha kwa zaka zambiri, ndipo tsopano sankadziwa kuti wakhala akuvomereza chiyani. Anatembenukira kwa mlongo wake.

"Enawa bwanji? Pali chimene wakhala ukumva, chimene ine sindinkamva?"

Dervla anamuyang'ana kuti aone ngati akufunsa zenizeni. Ataona kuti akutanthauzadi, anatenga matambula awiri oyera pashelefu, n'kumukankhira mgolo ndi phazi.

"Khalani pansi, achimwene. Tiyambira wakudawu. Nkhani yake ndi yaitali."

Fintan anakhala pansi, n'kumvetsera.