Utsi pa Chikangawa

"Ili litsale," anatero Bestone, akusolola bulangete m'chikwama cha Leah n'kuliponya m'galimoto. "Tinapangana kuti aliyense anyamule zopepuka. Sitikusamuka, tikukagona usiku umodzi basi."

Anali ataima m'mbali mwa msewu ku Chikangawa, pomwe kanjira kamalowera m'mapaini. Leah analiyang'ana bulangetelo. Anakulira ku Engutwini ndipo ankadziwa mmene Juni amalumira kumapiri kuno, koma sakanatsutsana ndi mwamuna womutomera pamaso pa anzake a ku ofesi. Thenga wa Bestone, mkhalapakati wa ukwati, anali atafika kale kwawo, za ng'ombe za malowolo zitakambidwa. Ulendo uno unali woti anthu a pa boma amuone, amulandire.

Anthuwo anali a Justus, abwana ake a Bestone, ndi Angella, mlembi wa mu ofesi yomweyo. Tizikwama tawo tinali tokongola, topepukadi, chifukwa poto, chigubu cha madzi, mpunga ndi tenti ya abwana zinali zitatsala pansi. Onse anayang'ana katunduyo, kenako anayang'ana Leah.

"Akazi a kuno ndi mathirakitala," anatero a Justus. "Thumba la feteleza pamutu, mwana kumbuyo, nkhani ili mkati."

Bestone ndiye anaseka kwambiri. Leah anamanga zonse m'chitenje, anapinda nkhata, n'kusenza.

Anakwera masana onse. Atatuwo anali patsogolo, akujambulana ndi foni ndi kutamandana kuti kuyenda kwamakono n'kumeneku, munthu osatuluka thukuta. Nthawi ndi nthawi Angella ankatembenuka.

"Alamu, tanenaninso 'chomene' uja timve. Mumandisangalatsa mukamayankhula."

"Ndatopa chomene," anatero Leah, ndipo iwo anaomba m'manja.

Dzuwa litapendeka anamanga matenti awiri pamalo oyera pakati pa mitengo. Mphepo inayamba, ija yolowa m'mafupa. Kasitovu ka gasi kamene Bestone ankanyadira kanazima mpunga usanapse. A Justus anatulutsa thumba lawo logonamo, analigwiragwira, n'kudandaula kuti n'lopyapyala ngati pepala. Asanamalize, Bestone anali atawapatsa kale thumba lina limene anabwerekera Leah.

"Nanga ine?" Leah anafunsa chapansipansi.

"Iwe unazolowera. Usandichititse manyazi."

"Mtsikana, tasonkha moto," a Justus anaitana, mano akugundana.

"Muno salola moto, abwana. Nyengo ino masamba auma."

"Akutiona ndani? Bestone, kodi munthu wakoyu amamva?"

Bestone anamuyang'ana ndi diso lija Leah anali atayamba kuliopa. Leah anapalasa masamba mpaka dothi litaoneka, anazinga miyala, n'kusonkha. Onse anaothera, anadya mpunga wotentha, a Justus mpaka kuvula nsapato n'kuyanika mapazi. Enawo atalowa m'matenti, Leah anatsala pamoto ndi chitenje chake chimodzi mpaka kunacha.

Mmawa, Leah akutenthetsa madzi ena a tiyi, anatulukira mlonda wa nkhalango, chikwanje m'manja. Anali atatsata utsi.

"Monire nonse. Moto uwu wasonkha ndani?"

Mlondayo anafotokoza mosakweza mawu kuti mitengo yambiri inapsa kale chifukwa cha anthu ngati iwo, ndipo wosonkhayo apita naye ku ofesi, mbwenu kuchoka apo nkhani ikafika kupolisi. Ngati ali gulu limodzi, apita onse.

A Justus anaika kapu pansi. Anangoyang'ana Bestone. Mumtima Leah anamupempha Bestone kuti angokhala chete. Kukhala chete kokha akanamukhululukira.

"Achimwene, ife ndi anthu a ntchito za boma," anatero Bestone. "Malamulo timawadziwa, n'chifukwa chake tinatenga sitovu. Mayiwa tinangowapeza pamsewu, tinawapatsa ganyu yonyamula katundu. Tadzuka taona moto."

"Tinawaletsa ndithu," Angella anawonjezera, akupukuta milomo. "Koma mukudziwa anthu a kumudzi."

Mlondayo anayang'ana tizikwama tawo, anayang'ana chitenje cha Leah chodetsedwa ndi mwaye wa poto, ndi nkhata ili pamwala. Zonse zinkagwirizana ndi mawu a Bestone. Anatembenukira kwa Leah.

"Mama, n'zoona zimenezi?"

Leah akanatha kutchula thenga, ng'ombe, ngakhale dzina la mayi a Bestone a ku Dedza. Anayang'ana mwamunayo, koma iye anali atatanganidwa ndi chingwe cha nsapato.

"N'zoona," anatero. "Ndasonkha ndine."

Anathira madzi a tiyi aja pamoto, anakwirira makala ndi dothi, n'kumanga chitenje m'chiuno. Miyendo inali itauma ndi chisanu, koma anaimirira mowongoka. Mlonda atatsogola, Bestone anamuthamangira ngati wokatenga chinachake, n'kunong'ona.

"Mvetsa, Leah, ndi ntchito yanga. Ndikangowasiya abwana ku Mzimba ndibwera ndikutulutse. Kwanu usakanene."

Leah anayankha mokweza, kuti a Justus ndi Angella amve bwino.

"Musavutike, abwana. Ganyu yatha. Yewo."

Anatsatira mlonda uja kutsetsereka, manja ali lende, osacheuka.