Che Abdulrahim Sanaoloke Rivirivi

Khalani pansi mumve, inu a tsidya lino ndi inu a tsidya lija, amene munalipo ndi amene munangomva pa foni. Ndikunena za Che Abdulrahim, mkamwini wa m'mudzi muno ku Utale, amuna awo a mayi Habiba. Ena mukulankhula zambiri za malo amene anagona. Imvani m'mene zinayendera.

Che Abdulrahim kwawo kunali kutsidya kwa Rivirivi. Anaoloka ali mnyamata kudzakwatira a Habiba, nakhala kuno zaka makumi anayi ndi chimodzi. Anabzala mango, analera ana asanu, koma panali mawu amodzi amene sankachoka pakamwa pawo.

"A Biba, ine pano ndine mlendo. Tsiku langa likadzakwana mudzandiolotse, ndikagone pafupi ndi amayi."

"Mlendo wanji wotha nkhuku za eni mudzi?" ankayankha choncho a Habiba, manja ali pa lichero. Koma analonjeza ndithu, osati kamodzi.

Chaka chimenecho, mwezi wa Marichi, wailesi inanena kuti namondwe akubwera kuchokera ku Mozambiki. Inati okhala m'mbali mwa mitsinje asamuke, a nyumba za zidina akhale maso. Anthu anamva. Koma asamukire kuti, chimanga chitakhwima m'munda, mbuzi zili m'khola? Mvula inayamba Loweruka. Sinali mvula yogunda kapena yong'anima ayi, inkangotsika ndi mphepo, osapuma. Nkhuni zonse zinanyowa. Pofika Lolemba nthaka inali itakhuta, ukaponda pabwalo madzi ankatumphuka m'mbali mwa phazi.

M'mawa wa Lolembalo Che Abdulrahim anaona madzi ataima kuseri kwa nyumba, akunyambita khoma. Anafunda thumba la feteleza kumutu, natenga khasu kuti akatsegule ngalande.

"Dikirani Mwai adzakumbe," anatero a Habiba. Mwai ndi mwana wawo woyamba, bambo wa ana anayi.

"Mwai ali ndi khoma lake."

A Habiba anali m'khitchini kulimbana ndi moto wokana kuyaka. Anamva kaphokoso kosakula n'komwe, ngati ng'ombe ikugona pansi. Khoma linali litasungunuka kunsi n'kuwagwera amuna awo. Pamene anthu ankafika ndi makasu, munthu anali atapita kale.

Anawanyamulira kwa a Mahmudu, mchimwene wa a Habiba, mwini mbumba, chifukwa nyumba yawo ndi ya njerwa zowotcha. Anawasambitsa, nawakulunga mu nsalu yoyera. Ife Asilamu maliro sitiwagoneka, ndipo ashehe anati aikidwe dzuwa lisanalowe. A Habiba anakana. Anati amuna awo aoloka basi. Koma kamlatho ka mitengo kanali katapita ndi madzi, ndipo njira yozungulira inali matope okhaokha, palibe wa galimoto amene anavomera kubwera. Anadikira usiku umodzi chifukwa cha a Habiba.

Kutacha Lachiwiri, mvula inali pomwepo. A Mahmudu analowa m'chipinda cha amayi, nanjuta pafupi ndi mlongo wawo. Miyendo yawo inali matope mpaka m'mawondo.

"Achemwali, ndatuma anthu akayese kukumba kumanda kwathu."

"Mwatuma ndani? Ndakuuzani ine kuti agona kuno?"

"Ndangoti ayese. Kumunsi konse ukakumba mkono umodzi, dzenje likudzaza. Kwatsala kumtunda, pafupi ndi chulu chija. Tikachedwa napo padzaza."

"Ndinalonjeza, achimwene."

"Ndikudziwa. Alamu anga aja anatitopetsa tonse ndi nkhani imeneyi, ngati kuno tinkawamana ndiwo." A Mahmudu anafuna kuseka koma sizinatheke. Anapukuta kumaso ndi chipewa. "A Ahmed aimba katatu. Akuti munthu wawo akumufuna."

A Ahmed ndi mng'ono wa malemu, amene amatsogolera banja la kutsidya. Ndipo sankanena zachilendo ayi. Mkamwini akamwalira amabwerera kwawo, ndi m'mene tinazipezera.

Pakhomo panaima Mwai, chingwe cha ng'ombe chili paphewa. Maso ake anali ofiira, sanagone.

"Amayi, tapezana amuna asanu ndi atatu. Tiwamangirira bwino pa machira, tiwakweza pamutu. Amalume akuti mawu ndi anu. Mungonena."

A Habiba anayang'ana mchimwene wawo. A Mahmudu anayang'ana pansi.

"Ine sindingatume ana a eni m'madzi, komanso sindingathyole lonjezo la mwini," anatero a Mahmudu. "Nenani inuyo."

A Habiba anali asanadye chiyambire dzulo lake. Thupi lonse linkalemera ngati nsalu yonyowa. Akanakonda wina angowalamula, iwo alire basi monga amalirira amasiye ena. Koma onse ankadikira mawu awo. Anadzuka pogwira khoma.

"Ndiperekezeni ndikauone mtsinjewo."

Ulendo wa kudooko umene ankauyenda tsiku lililonse ndi ndowa pamutu, tsiku limenelo unawatengera nthawi. M'minda chimanga chinali chitagona, china chitamira mpaka m'zitsononkho. Mtsinje anaumva asanauone. Atafika sanalizindikire dooko. Mwala umene amayi amachapirapo kunalibe, madimba kunalibe. Madzi ofiira ankathamanga atasenza mitengo, nthochi, denga la udzu lathunthu, ndi mbuzi yotupa miyendo ili m'mwamba. Gombe linkagumuka pang'onopang'ono iwo akuona. Kutsidya, patali, kunaima anthu ochepa ndi maambulera, akuoneka ang'onoang'ono.

"Pano si pakuya kwambiri," anatero Mwai. "Ndikuonetseni."

Asanamuletse anali atamanga chingwe m'chiuno, anzake atagwira mbali inayo. Analowa ndi nsungwi m'manja. Phazi loyamba madzi m'mawondo. Lachiwiri m'chiuno. Lachitatu m'chifuwa, ndipo thunthu la mtengo linabwera chozungulira n'kumugunda paphewa. Mutu wake unasowa. Amuna aja anakoka akukuwa, mapazi akuterera m'matope, mpaka anamutulutsa ngati thumba. Anagona chafufumimba, akusanza madzi. Kenako anadzuka, magazi akutsika pamkono.

"Ndinalowera polakwika. Kumtundaku kuli bwino, amayi. Tiyese kumtunda."

Ananena akunjenjemera, akuwayang'ana m'maso. A Habiba anadziwa kuti akangogwedeza mutu, mwanayu alowanso, ndipo anzake asanu ndi awiri amutsatira, bambo ake ali pamutu. Anayang'ana amuna aja mmodzimmodzi. Onse ankawadziwa amayi awo. Wina mkazi wake anali ndi pakati potopa.

"Achimwene, ndipatseni foni."

A Mahmudu anaimba, nawapatsa. Kutsidya munthu mmodzi anasuntha pagulu, dzanja lili kukhutu.

"Alamu," anatero a Ahmed, mawu akuduka ndi mphepo, "ife tinakupatsani munthu wamoyo, woyenda ndi miyendo yake. Mwamudyerera zaka zonsezi. Lero mukanize ndi mtembo womwe?"

"A Ahmed, mwamuona amene wagwa m'madziyu?"

"Ndaona munthu."

"Ndi Mwai. Mwana wa achimwene anu."



"Tidikire mawa, mwina atsika," anatero a Ahmed.

"Kumwambaku mukukuona? Munthu wagona kale usiku umodzi chifukwa cha ine. M'nyumba muja simukulowekanso bwino. Ndisamuchititse manyazi mwamuna wanga."

"Anakuuzani yekha kumene akufuna."

"Anandiuza. Ndipo ndinavomera ndine. Mlanduwo ndi wanga, a Ahmed, ndikayankha ndekha ndikakamupeza. Koma lero maliro ndi amodzi, sindionjezera ena."

"Manda takumba kale kuno. Pafupi ndi amayi, monga ananenera."

Pamenepo a Habiba anaona ngati akuliona dzenjelo, lokonzeka, lopanda mwini.

"Ikanimo thunthu la nthochi mukwirire, lisakhale kukamwa. Pepani, alamu."

Anabweza foni, natembenukira kwa mwana wawo. "Masula chingwecho." Mwai anayamba kulankhula, koma iwo anabwereza. "Masula, ukanyamule bambo ako, mukawaike pafupi ndi chulu chija." Anamasula, nakhala pansi m'matope momwemo, n'kulira ngati kamwana. A Habiba sanalire. Analibe mphamvu zake.

Anawaika masana omwewo pafupi ndi chulu, kumapeto kwa manda a mbumba ya akazi awo. Awiri ankakumba, awiri akukapa madzi ndi ndowa. Pansi anayalapo nsungwi kuti nsalu isakhudze thope. A Mahmudu anaimika foni m'mwamba kuti a kutsidya amve mapemphero a ashehe, ndipo anamva theka, foni inazima moto utatha. Amayi sapita kumanda, choncho a Habiba anakhala pakhonde la mchimwene wawo, akuyang'ana madzi akugwa kuchokera pa malata, mpaka amuna anabwerako ndi makasu.

Mvula inakata Lachinayi. Patatha masiku asanu ndi anayi, ana ankaoloka Rivirivi madzi akulekeza m'mawondo, akuseweretsana. A Habiba anawaona popita kukatola ziwiya zimene zinatsala pansi pa khoma lija. Anaima pang'ono, kenako anapitiriza ulendo.

A Ahmed anabwera pa sadaka ya masiku makumi anayi. Anadya, anapita kukaona manda, anawagwira dzanja a Habiba, nabwerera kwawo. Alongo awo awiri sanabwere, mpaka lero sanapondeko kuno. Akuti mchimwene wawo anatayidwa kwa eni. A Habiba amazimva zimenezi. Amakhala m'kanyumba kamene Mwai anawamangira kumtunda, ndipo kukachita mdima wa mvula amangolowa m'nyumba n'kutseka chitseko.

Tsono inu amene mwamva, musamuiwale Che Abdulrahim. Inu a kutsidya, madzi akakhala ochepa olokani, manda ake ali pafupi ndi chulu, simungasochere. Lambulanipo udzu. Adzukulu ake muziwauza dzina lake ndi mudzi umene anachokera, ndipo mukamapemphera muzimutchula, muziwatchulanso mayi Habiba.