Phazi la Amalume

Ndege yophunzirira imakhala ndi zopondera ziwiriziwiri, za wophunzira ndi za mphunzitsi, ndipo zimayendera limodzi. Mphepo ikamawomba chopingasa msewu woterapo, phazi ndilo limawongola mphuno ya ndege. Ukachedwa kuponda, ndege imakupititsa kuthengo.

Mphunzitsi wamkulu wa pasukulu ina yophunzitsa kuyendetsa ndege anali munthu wolusa. Ana a eni ankawasiya adzigunde ngati mpira mpaka phazi liphunzire lokha, kenako n'kuwakalipira mpaka pageti. Koma kutabwera Chitsiriza, mwana wa mlongo wake, mkango uja unasanduka mphaka wa pakhomo. Tsiku loyamba mtsikanayo atalephera kutera, analira, amalume mtima n'kuwawa. Kuyambira pamenepo, ndege ikangoyandikira pansi, phazi la bambo uja linkakankha pang'ono mwakachetechete, matayala n'kukhudza pansi bwinobwino.

Chitsiriza ankatsika akumwetulira, n'kumaseka anzake kuti mapazi awo ndi a njerwa. Amalume ankadziuza kuti mawa amusiya yekha. Mawa lakelo silinkafika. Amati chifundo chinapha nkhwali, koma chifundo ichi chinkasaka munthu wina.

Nthawi yoti auluke yekha itakwana, panalibe pobisala, chifukwa aliyense ankadziwa kuti mtsikanayo ndi katswiri. Amalume anasankha m'mawa wopanda mphepo. Anatsika m'ndege, natseka chitseko, n'kukaima pa udzu ndi wayilesi m'manja. Mlongo wake uja, mayi a Chitsiriza, anali kumpanda atakweza foni kuti ajambule.

Ndege ili m'mwamba, kathumba kosonyeza mphepo kanadzuka n'kuloza chopingasa. Bambo uja anachita mantha. Anauza Chitsiriza pa wayilesi kuti azungulirenso. Anazungulira, koma mphepo inangowonjezera, ndipo mafuta sadikira munthu.

"Musadandaule, amalume," anatero Chitsiriza. "Mphepo ngati iyi ndateramo kangati?"

Ndege inabwera itapendama, mphuno italoza kumbali. Bambo uja anakuwa kuti aponde kumanja, aponde kwambiri.

"Ndaponda monga mwa masiku onse," anayankha mtsikanayo. "Koma lero ndege sikumva."

Tayala limodzi linagunda pansi, ndege n'kukhotera ku udzu. Phiko linakumba dothi, ndipo yonse inagudubuzika n'kugona chagada. Amene anaima pafupi anaona kuti phazi lamanja la mphunzitsi linali litaboola kapinga, likukankhabe.

Kuchipatala dokotala anati moyo ulipo, koma msana wathyoka, miyendo sidzagwiranso ntchito. Mayi ake anangokhala pa benchi, foni ili m'manja.

Amalume atalowa m'chipindamo, Chitsiriza anayamba ndi kupepesa kuti wawachititsa manyazi. Bambo uja anagwira chitsulo cha bedi.

"Ndaganizaganiza, sindikupeza," anatero mtsikanayo. "Tandiuzani, amalume, inu mumaona zonse. Ndinalakwitsa pati?"